Supuni ya a Mawaya

Alamu anga, amuna a achemwali, anthu amangowatcha a Mawaya. Amakonza mawailesi, maayironi ndi mafoni m'kachipinda ka kutsogolo kwa nyumba yawo, ine ndimasoka zovala pakhonde lomwelo, ndiye zawo ndimazionera pafupi. Luso ali nalo, bodza ayi. Koma ali ndi kamatenda kamodzi: tiyi amatakasa ndi chilichonse chomwe chili m'manja. Sikuludiraiva, bolopeni, mwendo wa magalasi awo, zonsezi zinalawako shuga. Achemwali anayankhula mpaka kukhosi kuuma, kenako anangowasiya.

Mwana ali naye mmodzi yekha, wamkazi. Popita kusukulu kutali, mtsikanayo anasiya nsomba yake yofiira, ya zipsepse zazitali ngati mpango, m'thanki yagalasi pabalaza, nati aisamale mpaka adzabwere. Kuyambira tsiku limenelo achemwali amaipatsa moni m'mawa uliwonse. Kuchipinda kwa mwanayo salowako chifukwa kumawaliritsa, choncho chikondi chonse chinathera pa nsombayo.

Nyengo yozizira itafika, nsomba inasiya kudya, n'kumangokhala pansi ndwii. Hita ya m'thankimo inali itapenga kalekale: ukaiyatsa inkangotentha osaleka. Achemwali anati tikagule ina. A Mawaya anamva ngati awatukwana. Nyumba ya wokonza zamagetsi ikagule hita? Anthu amva bwanji?

Masiku atatu m'kachipinda muja munkangotuluka fungo la kuwotcherera. Anatenga kachipangizo kakang'ono ngati chikhadabo, kamene iwo amakatcha kaubongo, n'kukaphunzitsa ndi laputopu yawo yakale yosowa mabatani awiri. Anandifotokozera ine wosafunsa kuti madzi akazizira kutsika madigiri 26, kaubongoko kaziyatsa hita, akafunda kazizimitsa. Zonse anazilonga m'kabokosi ka sopo, n'kuboola windo loonetsa manambala. M'kabokosimo munkatuluka waya wautali, kumapeto kwake kuli kachitsulo konyezimira koyezera kutentha, kotalika ngati chala. Nditakaona kachitsuloko, mtima wanga unandiuza kanthu, koma ndinati ndisawononge chisangalalo cha munthu.

Loweruka m'mawa alamu analumikiza chipangizo chawocho, achemwali atapita kumsika. Chinagwira ntchito, abale! Kaswichi kanalira kuti tha, hita n'kuyaka. Alamu anazungulira tebulo kawiri, anadzithirira tiyi, anayang'ana uku ndi uku. Nthawi yomweyo panja panabwera munthu ndi wailesi yakufa, ndipo a Mawaya akayamba kufotokoza matenda a wailesi, dzuwa limasuntha.

Achemwali atabwera masana anangoponya dengu pakhomo. Nsomba inali pamwamba, cham'mbali, kukamwa kuli yasa yasa. Alamu anathamangira kukabokosi kawo n'kunena molimba mtima kuti vuto si kutentha, taonani nambala ikuti 18, madzi akadali ozizira, makina sanama. Achemwali anangolunjika pathanki. Iwo anagwira unamwino zaka makumi awiri, akusambitsa makanda a anthu, ndipo madzi sayeza ndi nambala. Anapinda mkono, n'kuviika chigongono m'thanki.

"Awa ndi madzi osambitsira mwana, bambo ake. Mukundiphikira nsomba."

Anazula pulagi ya hita, kenako anagwira waya uja n'kumautsatira pang'onopang'ono, ife tikuwatsatira pambuyo ngati tikuperekeza mlendo. Wayayo sanalowe m'thanki ayi. Anadutsa kuseri kwa maluwa apulasitiki n'kukathera m'kapu ya alamu. Kachitsulo kaja kanali chilili m'tiyi wozizira, shuga atasungunuka bwinobwino. Maola anayi onse kaubongo kankayesetsa kufunditsa tiyi wa a Mawaya, kosadziwa kuti kakuphika nsomba.

Ine kuseka kunandifika pakhosi, koma nditaona nkhope ya achemwali kunabwerera kokha. Ankatunga madzi otentha ndi kapu n'kumathiramo ozizira pang'onopang'ono, chigongono chikulowa ndi kutuluka. Alamu ankanyamula ndowa, magalasi atatsikira pamphuno. Sindinawaonepo ali ndi mantha chonchija. Patapita nthawi nsomba inadzuka, inagwedeza mpango wake, n'kutsika pansi mozemba ngati yakwiya.

Madzulo ake mwana anaimba foni, ndipo funso loyamba linali la nsomba. Alamu anayang'ana pansi, akudikira kuti mlandu wawo uwerengedwe.

"Ili bwino," anatero achemwali. "Bambo ako aipangira makina ofunditsira madzi, ndi manja awo. Sanapume masiku atatu."

Alamu anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, ngakhale anali oyera kale.

M'mawa mwake kachitsulo kaja anakamata m'thanki ndi guluu wochuluka moti ngakhale wakuba sangakachotse, ndipo anaphunzitsa kaubongo kuti hita ikayaka nthawi yaitali kazilira. Makinawo akugwira ntchito mpaka lero, komabe achemwali akamadutsa amaviikamo chigongono, ndipo alamu satsutsa. Pa tebulo lawo logwirira ntchito pano palendewera supuni imene achemwali anaimangirira ndi chingwe ku msomali. Dzulo ndinawapeza alamu akutakasa tiyi ndi sikuludiraiva, supuniyo ili pompo. Anandinong'oneza kuti ndisakanene, popeza sikuludiraiva sinaphikepo nsomba ya munthu.