Nambala Imodzi pa Foni ya Patebulo

Foni ya patebulo inafika kwathu ku Ligowe ili m'katoni, yomangidwa ndi linya kumbuyo kwa njinga yamoto. Anaitumiza ndi achimwene anga a ku Blantyre. Inali yakuda, ya mabatani akuluakulu, ili ndi kamlongoti kake kumbali, ndipo netiweki inkagwira m'nyumba momwemo, pamene mafoni a m'manja tinkachita kukwera nawo pachulu. Abambo maso anali atayamba kuwavuta, zala zawo n'zokakala ndi khasu, ndiye patifoni ting'onoting'ono ankadina manambala awiri nthawi imodzi.

Masiku amenewo ine ndi abambo sitinkayankhulana kwenikweni. Sukulu ndinasiyira Fomu 3. Chaka chimene amayi anamwalira, mbatatesi inapsa ndi chiwawu, ndipo abambo anasankha kuti achimwene amalize koleji, ine ndidikire kaye. Ndinadikira zaka zitatu mpaka yunifolomu yanga inasanduka chopukutira patebulo. Ndinkawaphikira, kuwachapira, kuwayankha eya ndi ayi, basi. Mwano sindinkawachitira, koma kuseka nawo ndinasiya.

Foniyo inkafunika kukailembetsa ku Neno boma, pashopu ya kampani yake, n'kusankha phukusi la pamwezi. Tinapita tonse chifukwa a pashopupo ankafuna chiphaso cha abambo. Mayi wa pashopupo anati maphukusi alipo awiri. Loyamba mumaimbira nambala iliyonse, koma mphindi zake n'zowerengeka. Lachiwiri mumasankha nambala imodzi yokha, n'kumayankhula nayo mmene mungafunire mwezi wonse. Sindinadikire kuti abambo aganize. Ndinati atipatse loyambalo. Munthu wolima mbatatesi amafunika kuimbira mavenda, a malole, ogulitsa feteleza. Abambo anasaina pang'onopang'ono, ine ndikugwedeza mwendo.

Panali chinthu chimene sindinawauze. Ndinali nditapeza ntchito yogulitsa m'golosale ya azakhali a mnzanga ku Ndirande. Ndinakonza zonyamuka Loweruka m'mawa abambo ali kudimba, osatsanzika. Nkhuku zanga zinayi ndinagulitsa, bulangete ndinachapa, chikwama ndinabisa pansi pa bedi. Ndinkati amene anandiuza kuti ndidikire nawonso adikire, aone mmene zimakomera.

Patangotha masiku anayi chilembetsereni, abambo anabwera kuchokera kudimba, n'kukhala pakhonde osavula n'komwe jombo.

"Mawa tibwerere kuboma. Phukusi lija tikasinthe."

Ndinafunsa chavuta n'chiyani. Anati akufuna la nambala imodzi lija. Mtima unandiwira, chifukwa nambalayo ndinkaidziwa mwini wake. Mwana wa kukoleji, wotumiza mafoni m'makatoni.

"Achimwene ali pantchito, akhoza kumakuimbirani okha," ndinatero. "Nanga mavenda muziwaitana ndi mluzu?"

Anayankha kuti mavenda ndi ntchentche, akamva fungo la mbatatesi amabwera okha. Kenako anavula jombo, nkhani n'kuthera pomwepo.

M'mawa mwake tinakwera kabaza mmodzi, iwo pakati, ine kumbuyo nditakumbatira katoni. Unali mwezi wa Juni, nkhungu ili yoyoyo m'mapiri, mphepo ikulowa mpaka m'mano. Pazigwembe ndinkagwira chitsulo cha kumbuyo kuti ndisagwire jekete lawo.

Mayi wa pashopu atangotiona anaseka. Anafunsa abambo ngati foniyo yawakana ukwati, poti sabata sinathe. Abambo anafotokoza. Mayiyo anati n'zotheka chifukwa tabwera msanga, koma anawachenjeza kuti akasintha, manambala ena onse aziimbira ndi mayunitsi ogula paokha. Abambo anati amva. Anawafunsanso kachiwiri, poona kuti ine nkhope ndakwinya. Anati amva ndithu.

Mayiyo anatenga cholembera n'kupempha nambala. Ine ndinatulutsa foni yanga ya m'manja kuti ndifufuze ya achimwene, chifukwa abambo ngakhale tsiku lobadwa lawo amafunsa ine. Koma sanandidikire. Anaika chipewa pabondo, anatsinzina, n'kuyamba kutchula manambala awiriawiri, mosamala ngati akulengeza nyimbo kutchalitchi. Atafika pakati ndinazindikira kuti si ya achimwene. Ndinafuna kuwakonza, koma iwo anapitiriza mpaka kumaliza.

Mayiyo anailowetsa, n'kunena kuti ayese kaye ngati yalowa. Anadina mabatani a foni yakudayo. Foni inalira m'manja mwanga.

Mayiyo anayang'ana ine, anayang'ana abambo. "Kodi abambo, mwanayu si uyu ali apayu? Muzimuimbira ali kukhitchini?"

"Loweruka akupita ku Blantyre," anatero abambo, akuvala chipewa.

Tinatuluka. Pafupi ndi msika anagula manachesi, tinakhala pakhonde la golosale yotseka, katoni ili pakati pathu. Ndinawafunsa amene anawauza. Anati palibe. Wogula nkhuku zanga amakhala naye benchi imodzi kutchalitchi, ndiponso munthu wa ku Neno sachapa bulangete mu Juni pokhapokha ngati likupita kwina. Tsiku analimva kwa wa kabaza amene ndinapangana naye. Nambala yanga anachita kufunsa achimwene pafoni yomweyo, n'kumaibwereza kudimba masiku atatu, mzere uliwonse wa mbatatesi kamodzi, mpaka inakhala m'mutu.

Anasenda nachesi, n'kundipatsira theka.

"Sindikukuletsa, mayi. Za sukulu zija, kaya ndinalakwa kaya sindinalakwe, mpaka lero sindikudziwa. Koma usachoke pakhomo pako ngati wakuba."

Anali asananditchule kuti mayi chimwalirireni amayi. Ndikanakonda kulemba kuti ndinayankha mawu abwino, koma ine si wa mawu abwino. Ndinawafunsa kuti nanga mbatatesi agulitsa bwanji. Anati nachesiyo ndidye isanaume. Pobwerera, pachigwembe choyamba, ndinagwira jekete lawo.

Loweruka sanapite kudimba. Ndinagwada pakhonde n'kutsanzika bwinobwino, monga amachitira mwana wa munthu. Chikwama ananyamula ndi iwo mpaka kumsewu. Anandipatsa kathumba ka mbatatesi koti ndikapereke kwa eni golosale, kuti adziwe kuti ndili ndi kwathu.

Chaka chimenecho venda wawo wakale anakagula kwa ena chifukwa sanamuimbire msanga. Ndinamva kwa achimwene, iwo sananene. Phukusi sanasinthenso.

Amaimba m'mawa uliwonse ndisanatsegule golosale. Vuto n'lakuti abambo kucheza sadziwa. Amandiuza za mvula, za mbuzi imene yadya nyemba za eni ake, za amene wadwala ku Ligowe, ndipo mphindi ziwiri zisanathe nkhani zatha. Koma sadula. Amangokhala, foni ili kukhutu, ine ndikusesa pakhomo pa golosale, foni yanga nditaipana ndi phewa. Ndimamva tambala wathu, ndimamva supuni ikuzungulira m'kapu yawo ya tiyi.

Za sukulu zimandipwetekabe. Ana a yunifolomu akabwera kudzagula masikono ndimawagulitsa mwachangu kuti achoke. Tsiku lina ndidzawauza abambo zimenezi, nthawi ilipo, mphindi sizitha.

Pakapita kanthawi amatsokomola.

"Ulipo, mayi?"

"Ndilipo, bambo. Imwani tiyi, azizira."