Tayaliva ya a Ziba

Mukamadutsa pamalo omwetsera mafuta a kumunsi kwa msika wa Mzimba, mudzaona bambo wamtali atakhala pabenchi, pafupi ndi bokosi loyera lotchajira magalimoto amagetsi. Amenewo ndi a Stafford Ziba. Ntchito inawathera kalekale, koma amabwerabe m'mawa uliwonse, ndipo eni malowo alibe mtima wowapirikitsa.

A Ziba anakakhalako ku Joni monga amuna ambiri a kuno, n'kubwerako ndi jekete lachikopa ndi tayaliva imodzi, chitsulo chochotsera matayala. Tayalivayo ankaikhulupirira kuposa abusa awo. Chitseko chikakana, tayaliva. Mnzawo akataya kiyi wa loko, tayaliva. Tinkawaseka kuti tsiku lina adzatsegula nayo chipata cha kumwamba.

Bokosilo litabwera, anawalemba ntchito yolilondera. Linali ndi chingwe chimodzi chokha, ndipo magalimoto ake anali owerengeka. Chimene chinawasangalatsa a Ziba n'chakuti mutu wa chingwecho ukalowa m'galimoto, mwini wake n'kukiya zitseko, kachitsulo ka m'kati kamaugwira, osazukanso mpaka mwiniyo atabwera ndi kiyi. Ankachikoka pamaso pa aliyense wodutsa, akunyadira ngati anapanga okha, amvekere akuba achita manyazi.

Tsoka linagwa nthawi ija mafuta anasowa. Mapampu anali gwa, magalimoto atangoti ndondondo pamzere, matanki ali mbee. M'mawa a Goodluck Jere, ogulitsa matabwa a ku Luwawa, anasiya galimoto lawo lamagetsi pachingwe n'kupita wapansi kumaliro a mlamu wawo kutsidya kwa mtsinje, kiyi ali m'thumba.

Masana kunafika galimoto lamagetsi la chipatala china chamishoni cha ku Champhira, batire litatsala pang'ono kutheratu. Dalaivala wake, Enos, anatsika thukuta lili kamukamu. Kumbuyo kunagona Tionge, mwana wamkazi yekhayo wa a Ziba, wodwala pakati, akutaya magazi. Ankafunika madokotala a ku Mzuzu, ndipo popanda kutchaja galimotolo silikanakwera mapiri a Chikangawa.

Chingwe chinali chokiyidwa m'galimoto la a Jere. Foni yawo inali yozima, monga amachitira munthu aliyense waulemu kumanda. Enos anatuma wakabaza wa njinga yakapalasa kukawatenga, n'kuuza a Ziba kuti adikire, asakhudze kanthu. Kunena kudikira n'kosavuta mwana akakhala wa wina. A Ziba anasuzumira pawindo, Tionge n'kutsegula maso.

"Adada, ndikumva kuzizira chomene."

A Ziba anapita kuseri kwa benchi n'kutenga tayaliva ija. Enos anawagwira mkono, iwo anamukankhira kutali, n'kulowetsa chitsulocho pansi pa mutu wa chingwe. Anakanikiza ndi thupi lonse. Chingwe chinazuka ndithu, pakuti tayaliva ya a Ziba sinalepherepo. Koma chinazuka chitang'ambika pakati, mano ake atapindika, chidutswa china chitatsalira m'galimoto la a Jere. Enos anayesa kuchilowetsa m'galimoto lake, chinakana. Anayesanso, chinakananso.

Posakhalitsa a Jere anafika pakabaza, dothi la kumanda lidakali m'manja. Anadina kiyi asanatsike n'komwe. Galimoto linalira kamodzi, kachitsulo kaja kanamasuka bwinobwino, chidutswa chija n'kugwera pasimenti.

Tionge anamuthamangitsira kuchipatala cha paboma pomwepa. Anamwino anayesetsa, koma dzuwa lisanalowe anatisiya, pamodzi ndi khanda lake. Mpaka lero ndikaganiza za kulira kwa galimoto lija, mtima umandiwawa.

Chingwe chatsopano chinabwera, ndipo chimakiyika monga chakale. A Ziba tayaliva sayendanso nayo. Munthu akalumikiza galimoto lake n'kukiya, iwo amadzuka pabenchi, kuvula chipewa, n'kumutsatira mpaka kumsewu.

"Ndapota, bwana, kiyiyo tandisiyirani."

Anthu amawayang'ana jekete long'ambikalo, n'kuika kiyi m'thumba.