Kambiya ka Amayi Baldomera

Apongozi anga, Amayi Baldomera, anabadwira ku Chincha. Anafika ku Lima ali mtsikana, atanyamula chiwaya ndi kambiya kadothi. M'kambiyamo munali mtanda umene mayi awo anawapatsa.

Zaka makumi anayi anakazinga mapikaroni, mandasi oboola pakati, pakona ya msewu wathu ku Rímac. Ufa, mbatata, dzungu, pamwamba manyuchi owiritsa ndi tsamba la mkuyu. Yisiti wa m'sitolo sankamufuna. Tsiku lililonse asanayatse moto ankatapa mtanda wodzaza dzanja n'kubweza m'kambiya, kuti ufufumitse wa mawa.

"Mtanda uwu unayamba ndi agogo athu aja ankadula nzimbe ali akapolo," ankatero. "Ine ndikungousunga."

Nditakwatiwa anayamba kundiphunzitsa. Unyowetse dzanja, uboole pakati ndi chala chachikulu, uponye m'mafuta.

"Mwana iwe, chimenecho n'chiyani? Pikaroni kapena chule?"

"Chikoma ndithu, Amayi."

"Udya wekha ndi mwamuna wakoyo."

Chaka chatha mu Okutobala, tsiku limene chithunzi cha Ambuye wa Zozizwitsa chimayenda mumzinda, Amayi anakanda mtanda m'mawa n'kugwa pafupi ndi beseni. Amuna anga, a Eleuterio, anawatengera kuchipatala. Potuluka anandiuza kuti, "Mtanda wafufuma kale uwo. Ukatayika Amayi akukalipira. Pita."

Ndinabereka mwana wathu n'kukankha ngolo yogulitsirapo mapikaroni. Msewu wonse unali anthu ovala zapepo operekeza chithunzicho. Ndinakazinga osakweza mutu.

A Fermín okonza nsapato anafunsa, "Nkhalamba ili kuti lero, yathawa ntchito?"

"Ali kuchipatala."

"Aa, pepa. Koma akowa akukoma, usakawauze."

Ndinagulitsa zonse, beseni ndinachita kukokota.

Nditafika kunyumba ndinapeza a Eleuterio atakhala pakhomo. Anati Amayi atisiya cha m'ma 4 koloko. Ndinati chabwino. Ndinayamwitsa mwana, ndinatsuka chiwaya, ndinatsuka beseni. Pokaika beseni pashelefu m'pamene ndinaona kambiya, chivindikiro chili pambali. Munalibe kanthu. Anagwa asanatape, ine osaganizako.

Ndinakanda m'mbali mwake ndi chikhadabo. Munatuluka timakoko touma. Ndinatithira madzi ndi ufa, ndinadikira masiku atatu a maliro. Sipanatuluke thovu ngakhale limodzi.

Pano ndimagula yisiti wa m'sitolo. Anthu akuti kukoma n'komwe kuja. A Eleuterio sanafunsepo. Kambiya kali pashelefu pomwepo, ndipo m'mawa uliwonse ndisanayatse moto ndimatapa mtanda wodzaza dzanja n'kuikamo.