Nkhanga pa Chingwe Choyanikira Zovala

Chingwecho chinali chobiriwira, chomangidwa kuseri kwa nyumba ku Spinney Hill, kutsidya kwa nyanja. Mayi ankayanikapo malaya a bwana, ndipo chaka chimenecho malaya ankauma gwa ndi chisanu.

Bwana anali Myuda wokalamba, wogulitsa nsalu. Anatitenga kuchokera ku Ndola, mayi ngati wophika, ine ngati katundu wa mayi. Tinkagona m'kachipinda ka pamwamba. Mayi ankati, "Ntchito ikatha, denga latha." Khitchini inali ndi malamulo a Chiyuda. Mapoto a nyama kwawo, a mkaka kwawo. Dzira lokhala ndi kadontho ka magazi, kutaya. Ana a lero sangapirire sabata imodzi.

Amalume ankagwira ntchito pafamu kufupi ndi Corby. Tsiku lina anatibweretsera nkhanga yamoyo ndi mazira ake. Mayi, pofuna kusangalatsa bwana, anakazinga mazirawo m'chiwaya cha bwana. Bwana anaona zikhokhombe zamawangamawanga, nafunsa, "Mbalame yanji iyi?" Sanakhudze mbale.

Anati dzira limatsata make: mbalame ikakhala yoletsedwa, dziranso n'loletsedwa, chiwayanso chadetsedwa. Ankafuna kaye kufunsa mphunzitsi wa kusunagoge. Masiku amenewo mayi sankadya, poopa kuchotsedwa ntchito. Nkhanga inkalira m'bokosi, ine n'kumaifunditsa thumba kuti bwana asaimve.

Mphunzitsi atabwera, anandiuza kuti ndiiimike pachingwe. Mbalame yolusa, anatero, ndiyo yoletsedwa, ndipo imagawa zala, ziwiri kutsogolo, ziwiri kumbuyo. Nthenga zinkanunkha utuchi wonyowa. Nkhanga inagwira chingwe: zitatu kutsogolo, chimodzi kumbuyo. Mphunzitsi anaipapasa pakhosi, napeza kathumba kosungira chakudya. Zizindikiro za mbalame yololedwa zinalipo. Mayi anapumira m'mwamba.

Kenako mphunzitsi anafunsa bwana, "Bambo anu ankadya mbalame iyi?" Bwana anati sakudziwa, ndipo kwawo sikunatsale munthu womufunsa. Mlandu unathera pomwepo: popanda umboni woti makolo ankaidya, yosadyedwa.

Chiwaya anachipatsa mayi. Ntchito sinathe. Nkhanga tinadya tokha, pamwamba.

Ine ndinakwiya. Mbalame yakhoza mayeso, aikaniranji? Ndinkati ndi mwano wa anthu olemera. Ndinaonanso bwana ataima pafupi ndi chingwe, wopanda jekete, akupukuta m'maso, ndipo ndinati ndi mphepo. Ndinali mwana. Sindinkadziwa chimene chinachitikira abale ake ku Ulaya pankhondo yachiwiri ya padziko lonse, kapena kuti cha bambo ake chinamutsalira n'chimodzi: zimene ankadya ndi zimene ankakana.