Tsiku limene amayi anaoneka pa chinsalu

Ndikukumbukira chinali chaka chimene ndinayamba kusenza ndowa yodzaza osaigwirira. Za zaka musandifunse, ife sitinkawerenga. Kwathu, kufupi ndi ku Guilleme, kunafika galimoto ya anthu ojambula kanema, amuna atatu a nsapato zonyezimira, ati akufuna mlimi wodziwa mtedza. Mudzi wonse unaloza kwa amayi anga, aNaphiri, chifukwa mtedza wawo unali wouma bwino, woti ukauluma unkalira m'kamwa. Ngakhale aChawa a m'magolosale ku Boma ankausungira malo.

Amayi anasamba, anadzola, navala chitenje chawo cha ku tchalitchi. Anthu aja ataona anapukusa mitu. Anawapempha mwaulemu ndithu kuti avale zakumunda, akhale pansi pafupi ndi nkhokwe, atenge chikho awaze madzi pa mtedza asanauswe. Kuwaza madzi kumafewetsa makoko, zala sizipweteka, ndipo ambiri ankachita, koma kwathu kunali koletsedwa. Ine ndemwe ndinalawapo kamtengo chifukwa cha zimenezo. Komabe mlendo sakanizidwa. Amayi anawaza, akuseka, ine ndikuwathirira madzi m'chikho muja. Alendowo anawauzanso kuti anyamule thumba ngati likuwalemera, ananyamula. Anthu aja anathokoza, napita.

Mvula inagwa, inatha, tinakolola. Kenaka uthenga unamveka kuti kanema uja abwera naye pa bwalo la mpira. Ine pakamwa panga sipanatsekeke. Kumjigo, kumtsinje, ngakhale kwa mbuzi, ndinkalengeza kuti amayi anga aoneka pa chinsalu. Malume anga a ku Chipata anapalasa njinga kudutsa malire kuti adzaone mlongo wawo, atanyamula ndi shuga yemwe.

Dzuwa litangolowa anamanga chinsalu choyera pa mitengo ya golo. Injini inkanunkha mafuta, fumbi linkaoneka kuvina m'kuwala kuja. Anayamba ndi tizidole tojambula tothamangitsana, ana tinaseka mpaka kugwa chagada. Kenaka panabwera bambo wina wa kwina, wa malaya oyera, akuyanika mtedza pa mphasa, mawu a m'chimkuzamawu akumuyamikira. Ndiye mwadzidzidzi nkhokwe yathu, yopendekeka muja inalili, ndi amayi, nkhope yawo yaikulu kuposa chitseko. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinaimirira kuti aliyense andione.

Mawu aja anati: “Koma taonani mayi uyu. Ulesi wamuchititsa kunyowetsa mtedza. Mtedza wake uchita chuku, ndipo ukalemera ndi madzi akabera ogula pa sikelo. Musakhale ngati mayi uyu.”

Anaonetsa mtedza wakuda, wowola, umene sunali wathu n'komwe. Anaonetsa amayi akudzandira ndi thumba lija. Anaonetsanso kamtsikana ka mphuno yosapukuta kakuthira madzi, kakusekerera.

Kenaka munthu wina kumbuyo anati, “Ndi aNachuku amenewo,” bwalo lonse linagwedezeka ndi phwete. Ndinakhala pansi, ndinakoka nsonga ya chitenje cha amayi n'kudziphimba kumutu. M'katimo munali kutentha, munkanunkha sopo. Koma amayi sanadzuke. Malume anafuna kupita kwa anthu a galimoto aja, amayi anawagwira mkono. Anakhala chowongoka mpaka chinsalu chinazima.

Tinauyamba ulendo wobwerera. Njinga ya malume yokha ndiyo inkalira tcheni. Titayandikira kunyumba ndinawafunsa amayi, ndikusisima, chifukwa chake sanaimirire kuwauza anthu kuti anachita kuuzidwa.

“Ndikanauza ndani, mwanawe? Chinsalu chilibe makutu. Anandipempha madzi, ndinathira. Sindinafunse kuti madziwo akupita nawo kuti.”

A m'mudzi mwathu ankadziwa zoona zake, pakuti ena analipo tsiku lojambula. Koma galimoto ija sinathere kwathu. Inapita ku Mkanda, inapita ku Boma, inazungulira midzi imene amayi sanapondeko. Chaka chimenecho titapita kukagulitsa, bambo wa golosale amene kale ankangolandira thumba lathu osalimasula, analowetsa mkono mpaka m'chigongono, natulutsa mtedza wa pansi penipeni, nauluma pamaso pa anthu. Anagula, inde. Koma amayi anayang'ana kumbali nthawi yonseyo, ndipo ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Kusukulu, kumene ndinali nditangoyamba, anzanga ankandiwaza madzi kumutu ati ndifewe. Sindinapitenso, ndipo palibe anandikakamiza. Dzina lija linawakakamira amayi mpaka imvi. Ena ankawaitana nalo mwachikondi, osadziwa n'komwe kumene linachokera, iwo n'kumavomera.

Chaka chathachi mdzukulu wanga ananditengera ku Boma, kumene achinyamata anakonza chikondwerero choonetsa makanema ojambula okha. Zinthu zasintha, aliyense ali ndi makina m'thumba. Ndinaona za oyendetsa njinga za kabaza, za amayi ogulitsa pa chipata cha malire, ndi tizidole toyankhula Chichewa chathu chomwechi. Zinali zokoma, sindinama. Koma penapake anaonetsa mkulu wina ataledzera, akulephera kukwera njinga, holo yonse n'kufa nacho chiseko.

Tsopano ndikudziwa kuti wojambula amatenga nkhope yako n'kupita nayo kumene iwe sungaitsatire, ndipo kumeneko imayankhula zimene waiuza iyeyo. Ndiye anzanga akamaseka, ine chinsalu ndimachisiya. Ndimatembenuka kuyang'ana m'mipando, kufunafuna mwana amene waweramitsa mutu. Tsiku limenelo ndinamupeza, kamnyamata, mzere wachitatu kuchokera kukhomo.