Kabawi wa ku Ndirande

Ndiyambe ndi kupepesa. Ine sindine mlembi, ndine mphunzitsi wa masamu chabe, ndipo chibadwire sindinalembepo chinthu chotalika kuposa lipoti la mwana wasukulu. Nkhaniyi ndailemba kanayi, n'kuing'amba katatu. Mwini wake ndinamupempha, ndipo anavomera, bola ndisatchule mudzi. Za chiwerengero cha nkhuku ndafunsa anthu atatu. Awiri anati zinali zisanu ndi ziwiri, wachitatu anati khumi ndi imodzi, koma ameneyo amadziwika ndi kuthira mchere. Ndatenga za awiriwo. Pomwe ndalakwitsa mundikhululukire.

Griffin Namate anabadwira ku Ndirande, mumzinda wa Blantyre, n'kukulira komweko. Kumudzi kwa makolo ake ku Chiradzulu anapitako kawiri kokha, ndipo maulendo onse awiri anali a maliro. Nkhuku ankaidziwa m'malo awiri: m'mabuku a kukoleji ndi pachiwaya cha pamsika. Boma litamulemba ntchito ya ulangizi wa ziweto, kalata inati apite ku Bolero, m'boma la Rumphi. Mayi ake anaiwerenga kawiri, n'kufunsa ngati kumeneko amapita ndi pasipoti.

Anafika mu Julaye, atakhala pamwamba pa matumba kumbuyo kwa pikapu, fumbi litamufiiritsa mpaka nsidze. Anapeza kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya mayi Lettie NyaLuhanga, namwino wopuma pantchito, amene m'tchalitchi akangotsokomola ngakhale a kwaya amaongoka. Ku ofesi anamupatsa njinga yamoto ndi ntchito imodzi yaikulu: nkhuku za m'midzi yozungulira zilandire katemera wa chitopa dzuwa la Okutobala lisanafike, poti nthendayi ikalowa m'mudzi imasesa makola onse. Koma anamuuza kuti ayambe wazungulira, anthu amudziwe nkhope.

Khomo loyamba linali la a Hezron Chavula, mlimi wa fodya wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, wankhuku zambiri kuposa aliyense kuderako. A Chavula akati chinthu n'chabwino, anthu amatsatira. Anamukhazika mlendo pampando pansi pa mtengo wa mango, nacheza naye m'Chichewa chawo chokoka ngati nyimbo. Posakhalitsa akazi awo anatulukira kuseri kwa nyumba atanyamula thadzi lamawangamawanga, nagwada.

"Alangizi," anatero a Chavula, "mwayenda mtunda wautali. Ndiwo zanu ndi izi."

Griffin analandira ndi manja awiri, mtima uli myaa. Ku Ndirande munthu akakupatsa nkhuku yamoyo, umayamba wafunsa kuti waiba kuti. Analiyang'ana thadzilo m'maso, nalitambasula mapiko monga anamuphunzitsira kukoleji.

"Yewo chomene, adada," anatero, poti mawu othokozera a Chitumbuka amenewo ndiwo anali atawagwira. "Anthu a kumpoto ndinu anthu abwino."

Atatero anamasula mphira pa kaliyala wa njinga, namanga thadzi miyendo, natsanzika, n'kuliza njinga ulendo.

Pano ndiyenera kufotokoza, ngakhale ambiri mukudziwa kale. Kuno mlendo wolemekezeka amamuonetsa nkhuku ikadali yamoyo, kuti aone kuti sakumudyetsa yofa yokha. Iye amaigwira, kuthokoza, n'kuibweza kuti ikaphedwe, adye pamodzi ndi eni khomo. Pamene Griffin ankamanga thadzi lija, madzi ososolera nthenga anali akuwira kale kukhitchini.

A Chavula anayang'ana fumbi la njinga mpaka linatha. Mlendo sachititsidwa manyazi. Anangotembenukira akazi awo n'kunena kuti, "Madziwo mutiphikire tiyi."

Nkhani imathamanga, koma njinga yamoto imathamanga kwambiri. Makomo awiri otsatira anali asanamve. Eni khomo lotsatira anamva koma sanakhulupirire. Mkulu wina, a Amock Munthali, anachita kusankha tambala wake wamkulu dala, kuti aone ndi maso ake ngati n'zoona. Anaona. Pofika kumapeto kwa Ogasiti, kuseri kwa nyumba ya Griffin kunali khola latsopano la nkhuku zisanu ndi ziwiri.

Sanadyeko ngakhale imodzi, zimenezo ndiyenera kumuikira umboni. Ankazidyetsa madeya osakaniza ndi usipa wosinja, kuzisesera m'khola m'mawa uliwonse, ndipo katemera atangofika anayamba ndi izo, kadontho kamodzi m'diso. Thadzi la a Chavula linaikira mazira n'kuswa anapiye asanu ndi anayi. Pafoni ankawauza mayi ake kuti, "Amayi, kuno nkhuku amangogawa ngati timapepala ta mpingo." Chinthu chimodzi chokha chinkamusautsa akamadya yekha soya pisesi wake: anthu opatsa chonchi, bwanji palibe ndi mmodzi yemwe amene anamuuzapo kuti sambani m'manja tidye?

Nthawi imeneyo n'kuti dzina litamera kale, la mbalame yolusa ija yofwamba anapiye. Njinga ikangomveka kutsidya kwa dambo, amayi ankafuula, "Kabawi uyo!" ndipo nkhuku zonse zinkapirikitsidwira m'zigafa za fodya, n'kutsekeredwa. Griffin ankafika pamudzi wa zii, wopanda ngakhale nthenga pabwalo.

"Amama, nkhuku zili kuti?"

"Zatha, alangizi. Kabawi wativuta chomene chaka chino."

Iye ankatulutsa kabuku, n'kuwaphunzitsa mwachifundo mmene angamangire timakola totetezera anapiye. Amayiwo ankamvetsera ataphimba pakamwa ndi chitenje. Mu lipoti lake la mwezi umenewo analemba kuti dera la Bolero lili ndi vuto lalikulu la mbalame zolusa.

Apa ndiulule mbali yanga. Inenso ndine wobwera, kwathu ndi ku Ntchisi, koma kuno ndakhalako zaka khumi ndi chimodzi. Loweruka lililonse ndinkasewera bawo ndi Griffin pakhonde la golosale, ndipo zonsezi ndinkazidziwa. Kangapo ndinatsegula pakamwa. Koma ndinkaganiza kuti mwina akhumudwa, mwina si udindo wanga, mwina wina wamuuza kale. Ndinkangomudyera nkhomo zake pabawopo n'kubwerera kunyumba.

Tsiku la katemera linafika pakati pa Sepitembala. Griffin anaika tebulo pansi pa mkuyu wa pamphambano, kabokosi kozizira ka mankhwala pambali, malaya atasita. Anakhala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa linafika pamutu. Kunabwera galu mmodzi, ananunkhiza tebulo, n'kupita. Ndani angasonkhanitse nkhuku zake zonse m'dengu n'kukazitula pamaso pa Kabawi?

Madzulo ake bwana wake anaimba foni. Chitopa chinali chitayamba kupha nkhuku m'midzi ya kumadzulo. Anamupatsa Lachiwiri lotsatira. Likalephereka limenelo, katemera apita kudera lina, nkhuku za kwa Griffin zidzionere zokha.

M'mawa mwake Griffin anagogoda kwa mayi NyaLuhanga kukapempha envulopu. M'manja anali ndi kalata yopempha kuti amusamutse. Mayiwo anavala magalasi, naiwerenga osapempha chilolezo.

"Mwalemba kuti anthu akuno sakonda chitukuko."

"Nanga ndinene kuti chiyani, amama? Poyamba ankandikonda. Pano akandiona amachita ngati ndabwera kudzalanda katundu."

"Mwana wane, khalani pansi. Nkhuku zili kuseriko munazigula kuti?"

"Anandipatsa."

"Anakupatsani, kapena anakuonetsani?"

Anamufotokozera zonse, pang'onopang'ono, ngati mmene ankauzira odwala za matenda awo. Anamuuza za madzi a akazi a Chavula amene anasanduka tiyi. Anamuuza kuti kabawi amene analemba mu lipoti uja amavala chipewa cha njinga yamoto. Griffin anagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Mayo ine! Kasanu ndi kawiri! Ndiye inu, amama, mumandionerera ndikumanga khola?"

"Ndinkafuna ndione ngati mufike makumi awiri," anatero mayiwo. "Komanso manyowa ake andithandiza pa mpiru wanga."

"Ndikazibweza lero lomwe."

"Mukabweze? Mukawauze kuti nkhuku zawo mwazikana? Kumeneko ndiye kutukwana. Inu munalandiridwa makomo asanu ndi awiri. Nanga pakhomo panu mwalandirapo ndani?"

Loweruka masana, eni nkhuku onse anafika ndi akazi awo, ataitanidwa ndi makalata amene mayi NyaLuhanga anagawa okha. Mipando anabwereka kutchalitchi. Ine ndinalipo, ndinakhala chakumapeto. Kukhitchini madzi ankawira mumphika waukulu, mpeni uli wonoledwa. Griffin analowa m'khola, natuluka ndi thadzi lamawangamawanga lija, litanenepa moti linkachita kumulemera. Anagwada pamaso pa a Chavula, thalauza lake lositasita lili m'fumbi.

"Adada, ndinachimwa chifukwa cha umbuli. Lero ndinu alendo anga. Ndiwo zanu ndi izi."

A Chavula analandira ndi manja awiri. Analiyang'ana thadzilo m'maso. Analitambasula phiko lakumanja, kenako lakumanzere, mosafulumira. Griffin anali atatambasula kale manja kuti alilandire akaliphe.

"Yewo chomene, alangizi," anatero a Chavula. "Anthu a kumwera ndinu anthu abwino."

Anapisa dzanja m'thumba la jekete, natulutsa mphira imene anabwera nayo kuchokera kunyumba. Anamanga thadzi miyendo, nanyamuka, n'kukaliika pa kaliyala wa njinga yawo yakapalasa.

Kenako akazi a Chavula analephera kudzigwira, ndipo bwalo lonse linaphulika. A Munthali anaseka mpaka kutsetsereka pampando, akufuula kuti, "Tambala wanga! Bweretsani ndiwo zanga, inenso mphira ndili nayo!" Onse anali nazo. Griffin anayenda kasanu ndi kawiri pakati pa khola ndi mipando, kugwada kulikonse nkhuku n'kupita, mpaka nayenso anayamba kuseka, misozi ili m'masaya. Atatha anayang'ana mphika wa madzi uja, n'kuyang'ana alendo khumi ndi anayi amene analibe choti awadyetse.

"Madziwo mutiphikire tiyi," anatero akazi a Chavula.

Koma mayi NyaLuhanga anali atatulukira kale ndi mabeseni a mpunga ndi nyemba zimene anaziteleka m'mamawa. Ankawadziwa anthu awo.

Ali mkati mwa kudya, a Chavula anafunsa chimene chinanenepetsa thadzi lawo chonchija. Griffin anafotokoza za madeya ndi usipa, za kadontho ka m'diso, za chitopa chimene chinali chikuyandikira, ndi za Lachiwiri. Anthu anamvetsera, ulendo uno popanda wophimba pakamwa. Potsanzika, Griffin anakumbuka anapiye aja, amene anali atayamba kale kudzitolera okha chakudya, nafuna kuwaika m'katoni.

"Ayi, asiyeni," anatero a Chavula. "Kwanu ana ndi a kwa mayi, timamva. Kuno ana amatsala kwa bambo. Anabadwira pakhomo panu, muwalere."

Lachiwiri Griffin anafika pamkuyu paja n'kupeza a Chavula atafika kale ndi ngolo ya ng'ombe yodzaza madengu. Kumbuyo kwawo mzere unakafika mpaka kumjigo. Anadontheza mankhwala m'maso mwa nkhuku mpaka dzanja linachita dzanzi, ndipo mayi aliyense polandira zake ankaziwerenga mokweza, kuti Kabawi amve. Chitopa chinafika chaka chimenecho, chinapha zina za omwe sanabwere, koma makola ambiri anatsala ali moyo. Kalata ija mayi NyaLuhanga anayatsira mbaula.

Pano patha zaka zitatu. Griffin akadali kuseri kwa nyumba komweko, Chitumbuka amayankhula chokhotakhota koma molimba mtima, ndipo dzina lija amavomera. Amadya m'makomo ambiri moti malaya ake aja sakumukwananso. Akamuonetsa nkhuku amailandira, kuthokoza, kenako n'kuponda phazi limodzi cholozera kunjinga, kuti amve amayi akukuwa, asanaibweze.

Ine Griffin sanandifunsepo chifukwa chimene ndinakhalira chete masabata onse aja, ndipo kusafunsako n'kumene kumandiwawa. Ndinkati ndi ulemu, koma anali mantha. Sabata yamawa kusukulu kwathu kukubwera mphunzitsi watsopano, mayi Isabella, wobadwira ku Limbe, ndipo ndamva kuti nayenso kumudzi amangopitako kumaliro. Sindidikira kuti wina amuuze. Ndagula kale tambala kwa a Munthali. Ndimuitana tsiku loyamba lomwelo, ndimuonetsa ndekha, ndipo ndimuuza mwambo wonse asanatambasule manja. Chipata nachonso nditseka.