Chithunzi cha Mpunga cha Fomu 2

Pasukulu pathu, kumunsi kwa Domasi, katswiri wojambula ndi choko ndinali ine. Ndikajambula mtima wa munthu kapena duwa la chimanga pa bolodi, ana ankalemba m'munsi mwake kuti "Osafufuta." Sindibisa, ndinkayenda modzimva.

Kenako kunabwera mphunzitsi wa zaulimi, mtsikana wongochoka kumene ku koleji. Iyeyu kujambula sankatha n'komwe. Ankangouza pulogalamu ya m'foni mwake, ija akuti AI, kuti imujambulire, n'kukwera kabaza kukasindikiza ku Songani. Lolemba lina anapachika mu Fomu 2 chithunzi cha mpunga, chowala ngati kalendala. Ana anaunjikana pamenepo, ndipo tsiku lomwelo wina anafufuta impso imene ndinajambula pa bolodi osandipempha.

Nsanje inandigwira. Ana ataweruka ndinalowa m'kalasimo nditavala magalasi, kukasaka chilema basi. Ndipo ndinachipeza. Muzu unali umodzi wonenepa ngati karoti, ngala inatulukira m'mbali mwa phesi ngati chimanga. Zolakwika ziwiri! Ndinasangalala, Mulungu andikhululukire.

Munthu wabwino akanamuitanira pambali n'kumuuza. Ine ndinakhala duu sabata yonse, mayeso ali pafupi, ndikudziwa bwino lomwe kuti ana akhoza kuloweza bodza. Ndinkafuna achite manyazi pagulu. Lachisanu ndinapita kwa ahedi.

"Bwana, tiyeni mukaone zimene mafoniwa akuphunzitsa ana athu."

Tinalowa popanda odi. Pa desiki iliyonse panali phata la mpunga, matope akudontha, lozulidwa m'minda ya makolo a anawo.

"Takulandirani, sala," anatero madamuwo. "Ndinawauza Lolemba kuti chithunzichi chajambulidwa ndi AI, ndipo AI imanama mokongola. Lero tikuigwira bodza. Mwapeza zingati, ana inu?"

Mtsikana wina wochokera cha ku Malosa anaimirira, phata lili m'manja.

"Zisanu, madamu. Muzu, ngala, masambawa ndi a nzimbe, njere zalowa chagada, komanso mpunga suima wokhawokha chonchi iyayi. Umabereka ana m'tsinde. Amene anajambulayu sanapondepo m'dambo."

Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Ahedi anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

"Inu munapeza zingati, aphunzitsi?"

"Ziwiri," ndinayankha chapansipansi.

"Liti?"

Tinabwerera ku ofesi aliyense akuyang'ana nsapato zake.

Nsanjeyo sinathe mpaka lero, kungoti si ya foni ayi. Madamu a zaulimi aja anaphunzitsa ana kutsutsa chithunzi sabata imodzi yokha. Ine pa zaka zanga zonse palibe mwana ndi mmodzi yemwe amene anakwezapo mkono n'kunena kuti, "Sala, apa mwalakwitsa." Ndipo ndikudziwa kuti ndinkalakwitsa.